Kapepala ka Mankhwala: Amene Angatiuze Ngati Kakumveka ndi Wodwala

Mankhwala ambiri amene timamwa kuno kwathu amachokera kunja, makamaka ku India. Pochoka ku fakitale amakhala ndi kapepala kopindapinda, kolembedwa mbali zonse ziwiri ndi timalemba tothinana, m'Chingerezi, mwinanso ndi Chifalansa chomwe. Zonse zili m'menemo: ntchito ya mankhwalawo, anthu amene sayenera kumwa, kamwedwe kake, zovuta zimene angabweretse m'thupi, kasungidwe. Koma munthu amene walawirira kukaima pamzere ku Kawale, ku Area 25 kapena ku Bwaila kawirikawiri sakaona n'komwe kapepalako. Sikuti pali amene amakabisa ayi. Mapiritsi ambiri a m'zipatala za boma, amene amadzera ku Central Medical Stores Trust, amabwera m'mabotolo akuluakulu a mibulu 1,000. Botolo limodzi amagawana odwala makumi angapo, ndiye kapepala kamodzi katsata ndani? Wapawindo amawerenga mibulu, kuthira m'kajumbo, kulemba "2x3", n'kuitana wotsatira.

Wodwala wa mu Lilongwe amakumana ndi zolembedwa za mitundu itatu, ndipo pa zitatuzi palibe chimene anachilembera iyeyo mokwanira. M'buku la kuchipatala adokotala amalembera anzawo a ntchito: BD, TDS, 5/7, zinthu zomveka kwa namwino ndi wa ku famase basi. Kapepala ka m'katoni, kamene amakapeza ogula m'mafamase a ku Old Town ndi ku City Centre, kampani imakalemba diso lili kwa oyang'anira malamulo ndi maloya, kuti mawa wina asadzati sanachenjezedwe. Kajumbo ndiye kake ka wodwala, koma malo olembapo ndi ochepa, ndipo inki yake imafufutika ndi thukuta munthu asanafike ku Mtandire.

Kumayiko kumene odwala anafunsidwapo za mapepalawa, madandaulo amafanana modabwitsa. Zilembo n'zazing'ono. Kapepala n'kakatali, ndipo chinthu chimene munthu akufuna chakwiririka pakati. Kamatchula mavuto okhaokha osanena phindu la mankhwalawo, mpaka wowerenga kuyamba kuopa chimene chikanam'chiritsa. Mafunso amene odwala amafuna atayankhidwa nawonso sasiyana ndi amene amamveka pawindo lililonse kuno: ndimwe nditadya kapena ndisanadye? Ndikaiwala, ndidzamwe awiri nthawi imodzi? Ndikuyamwitsa, palibe vuto? Ndikapeza bwino ndisiye? Pali linanso la mowa, limene abambo ambiri amabwerera nalo kunyumba osalifunsa.

Ndiye wina angati nkhani yaphweka, tiyeni tiwafunse odwala maganizo awo. Apa ndi pamene ntchito zambiri zoterezi zimaphonyera.

Mfunseni Mmalawi kuti "Mwamva, mayi?" muli mu yunifolomu yoyera, kumbuyo kwake kuli anthu odzaza mabenchi. Yankho mukulidziwa kale: "Eya, ndamva adokotala." Muonetseni kapepala katsopano, mum'funse ngati kali bwino, akuuzani kuti kali bwino kwambiri, zikomo. Sakunama. Tinaleredwa kuti wothandiza sum'tsutsa pamaso, ndipo kunena kuti sindinamve kumamveka ngati kudziulula umbuli. Timakonda kuwaponyera odwala mwambi wakuti safunsa anadya phula, koma amene anaimapo pamzere wa Lolemba m'mawa akudziwa kuti funso lachiwiri limakuputira maso a anthu onse ali kumbuyo. Mabokosi oponyamo maganizo nawo amathandiza okhawo odziwa kulemba, amenenso ali ndi cholembera m'thumba, ndipo zimene zimaponyedwamo n'zokhudza kusowa kwa mankhwala ndi kuyankhidwa mwamwano. Palibe amene amadandaula za malangizo amene sakudziwa kuti wawamva molakwika.

N'chifukwa chake njira imene yaoneka kuti imathandiza sifunsa maganizo okha, imayang'ana zimene munthu akuchita ndi pepalalo. Inayambira ku Australia cha m'ma 1990, pa ntchito ya David Sless ndi anzake, ndipo mayiko a European Union anaitengera. Kuyambira mu 2005 lamulo lawo limafuna kuti kampani isanaloledwe kugulitsa mankhwala, ionetse kuti kapepala kake kanayesedwa ndi anthu a mtundu womwewo umene udzakagwiritse ntchito. Kachitidwe kake n'kosavuta. Amasankha mfundo 12 mpaka 15 zofunika kwambiri pa chitetezo cha wodwala. Amaitana anthu mmodzimmodzi, makamaka okalamba, osaphunzira kwambiri, amene sanamwepo mankhwalawo. Amam'patsa munthu kapepala n'kum'funsa motere: tiyerekeze kuti mwaiwala kumwa dzulo madzulo, pezani pamene akunena zoti muchite, ndipo mutiuze m'mawu anuanu. Woyesa amaona zinthu ziwiri, ngati munthuyo wapeza malowo, ndiponso ngati wamvetsa. Akayesa anthu 10 amakonza pamene pavuta, n'kuyesanso ena 10. Kuti kapepala kapambane, pa funso lililonse anthu 90 mwa 100 ayenera kupeza yankho, ndipo mwa opezawo 90 mwa 100 alimvetse, kutanthauza anthu osachepera 16 mwa 20. Amene akulemba mayeso pamenepa ndi kapepala, osati wodwala. Telala wabwino safunsa kasitomala ngati diresi lakongola lili pa hang'ala, amati valani, kwezani manja, khalani pansi tione pamene pakuthina.

Kusiyana kwa kunena ndi kuchita kunaonekera bwino m'kafukufuku wa ku America amene anasindikizidwa mu 2006. Odwala anapatsidwa botolo lolembedwa kuti amwe mapiritsi awiri kawiri pa tsiku. Mwa amene ankavutika kuwerenga, pafupifupi 71 mwa 100 ananena malangizowo molondola. Atauzidwa kuti atsanule mapiritsi a tsiku lonse aonetse, amene anawerenga anayi anali 35 mwa 100 okha. Awatu anali anthu owerenga chiyankhulo chawo chomwe, pa chizindikiro chosindikizidwa ndi makina. Nanga "2x3" wolembedwa mothamanga ndi bolopeni pa pulasitiki? Awiri katatu, kapena atatu kawiri? Masamu ake afanana, mibulu isanu ndi umodzi pa tsiku, koma m'thupi sizifanana. Zotsatira zotere ndi zimene zinachititsa akatswiri kumeneko kulimbikitsa kuti m'malo mwa "kawiri pa tsiku" azilemba nthawi yeniyeni: awiri m'mawa, awiri madzulo.

Tiyeni titenge LA, mankhwala a malungo amene pafupifupi banja lililonse linagwirapo. Dziko lino linasiya klorokwini mu 1993 chifukwa tizirombo ta malungo tinasiya kumumva, linasiyanso SP monga mankhwala oyamba ochizira malungo mu 2007, n'kutenga LA. Kamwedwe kake ndi maulendo asanu ndi limodzi pa masiku atatu. Wamkulu wolemera makilogalamu 35 kupita m'tsogolo amamwa mapiritsi anayi ulendo uliwonse, onse pamodzi 24, pamene mwana wa makilogalamu 5 mpaka 14 amamwa limodzi pa ulendo. Paketi yake ndi imodzi mwa zokonzedwa bwino zimene tili nazo, magawo ake ndi ogawikana ndipo pamapaketi ambiri pamakhala zithunzi za dzuwa ndi mwezi. Koma pali mfundo imodzi yovuta: ulendo wachiwiri uyenera kubwera patatha maola 8 kuchokera pa woyamba, kenako m'mawa ndi madzulo masiku awiri otsatira. Mayi amene mwana wake wamwetsedwa koyamba 3 koloko masana ayenera kum'dzutsa 11 koloko usiku. Chithunzi cha mwezi sichinena zimenezo. Kwa mayiyo mwezi ungatanthauze pa nsima ya madzulo, kapena pogona, ndipo akaona mwana wagona tulo tabwino koyamba patapita masiku, angati ndim'patsa kukacha. Mukam'funsa ngati paketiyo ikumveka, avomera. Mukam'funsa kuti mwana wamwa pano, ulendo wina mum'patsa nthawi yanji, vutolo lionekera pomwepo, ndipo mankhwala ake ndi ochepa mtengo: kampata koti wapawindo alembepo "11 koloko usiku".

Mfundo zina za LA zimene zimatsalira m'kapepala kosafika kwa wodwala n'zofunika chimodzimodzi. Gawo limodzi la mankhwalawa, lumefantrine, limalowa bwino m'magazi ngati munthu wadya chakudya chokhala ndi mafuta. Kapepala ka kampani kamatchula mkaka, koma m'nyumba zambiri za ku Chinsapo phala lothira nsinjiro ndi limene lili pafupi, ndipo odwala okha ndi amene angatiuze zimenezi. Mwana akasanza atangomwa kumene, ayenera kubwerezedwa, ndiye kuti mapiritsi apereweranso ndipo mayi abwerere kuchipatala. Ndiponso pali chizolowezi chathu chosiya pa tsiku lachiwiri thupi likazizira, n'kusunga otsalawo kuti adzathandize wina. Artemether, gawo lina la LA, amapha tizirombo tambiri msanga, n'chifukwa chake munthu amapepukidwa, koma totsalira timathedwa ndi maulendo omalizawo. Ku Rwanda, Uganda, Eritrea ndi Tanzania kwapezeka kale tizirombo timene tayamba kusamva bwino mankhwala a gulu limeneli. Kulemba kuti "malizani mankhwala onse" popanda chifukwa kumamveka ngati lamulo la pasukulu. Kuwonjezera kachiganizo kamodzi kofotokoza chifukwa kumasintha zinthu, koma kaya kachiganizo kake ndi kati, wolemba sangadziwire mu ofesi.

Mawu akuti "imwani mutadya" nawonso ndi ofunika kuwayesa kuno kwathu kuposa ku Ulaya. Wolemba amaganiza za munthu wodya katatu pa tsiku. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale mabanja ambiri amadya kawiri kapena kamodzi, ndipo munthu womvera malangizo amadumpha mankhwala chifukwa sanadye. Chonsecho si mankhwala onse amene amafuna chakudya. Brufen amafunadi, chifukwa amapweteka m'mimba. Glibenclamide wa matenda a shuga ndiye ngoopsa kumwa kenako osadya, shuga amatha kutsika mpaka munthu kukomoka. Koma amoxicillin, Panado ndi ma ARV amene ambiri akumwa masiku ano angamwedwe m'mimba mulibe kanthu. Kungouza aliyense kuti adye kaye kumabisa kusiyana kumeneku.

Popeza kalembera wa 2018 anapeza kuti odziwa kulemba ndi kuwerenga ndi pafupifupi 69 mwa anthu 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, anthu ambiri amathamangira ku zithunzi ngati yankho. Zithunzi zimathandiza, koma nazonso zimawerengedwa, ndipo munthu amaziwerenga ndi zimene anazolowera. Ku Rhodes University ku South Africa, Ros Dowse ndi anzake anayesa zithunzi zochokera ku America pakati pa anthu oyankhula Chixhosa amene sanapite patali ndi sukulu, n'kuziyerekeza ndi zina zojambulidwa mothandizana ndi anthu akomweko. Zakomwekozo zinamveka bwino kuposa zobwera. Anapezanso kuti chithunzi chimagwira ntchito yake bwino ngati wina wayamba wachifotokoza pakamwa, kenako icho n'kumakumbutsa kunyumba. Mbale yokhala ndi foloko ndi mpeni, chikho cha vinyo chodulidwa ndi mzere, firiji, wotchi ya mivi, zonsezi zimaoneka zodziwikiratu kwa wojambula. Agogo a kwa Chitukula angaone zina.

Gawo lovuta kwambiri kulemba ndi la zovuta zobwera ndi mankhwala. Malamulo a ku Ulaya anagawa zovutazi m'magulu: zochitika kawirikawiri kwambiri ndi zogwera anthu oposa mmodzi mwa 10, zochitika kawirikawiri ndi zosapitirira mmodzi mwa 10, zapatalipatali mmodzi mwa 100, zosowa mmodzi mwa 1,000, zosowa kwambiri mmodzi mwa 10,000. Akatswiri a ku Britain atafunsa anthu wamba chapakati pa 2002 kuti mawu amenewa akuwamva bwanji, anapeza kuti vuto lotchedwa lochitika kawirikawiri anthu ankaliyesa logwera pafupifupi theka la omwa mankhwalawo. Ndiye chifukwa chake masiku ano mawuwo amayendera limodzi ndi nambala. Ine ndimaona kuti kwathu kuno chofunika kwambiri si kutchula zovuta zonse, koma kuzilekanitsa pawiri momveka: izi musadabwe nazo, pitirizani kumwa; izi mukaziona siyani, thamangani kuchipatala. Mkodzo wofiirira kwa womwa mankhwala a TB okhala ndi rifampicin, chimbudzi chakuda kwa mayi woyembekezera womwa mapiritsi owonjezera magazi, zimenezi n'zosaopsa, koma munthu wosachenjezedwa amataya mankhwala, mwinanso kuyamba kuganizira anthu a pamudzi. Zidzolo zofalikira thupi lonse pamodzi ndi zilonda m'kamwa ndi maso ofiira kwa womwa Bactrim ndiye zoopsa, ndipo kuchedwa tsiku limodzi kumatengetsa moyo. M'kapepala ka kampani ziwirizi zimapezeka pamalo amodzi, zilembo zofanana.

Palinso nkhani ya mankhwala osagwirizana. Kuyambira mu 2019 Amalawi ambiri omwa ma ARV anasinthidwira ku mtundu wokhala ndi dolutegravir. Mankhwala amenewa salowa bwino m'magazi akakumana m'mimba ndi ayironi kapena kashiamu. Mayi woyembekezera amalandira ma ARV pawindo lina, mapiritsi owonjezera magazi ku sikelo, ndipo kajumbo kalikonse kamangonena zake. Malangizo ake alipo: amwere limodzi ndi chakudya, kapena amwe ma ARV maola awiri asanamwe owonjezera magazi, kapena patatha maola asanu ndi limodzi. Rifampicin yemweyo amafooketsa mapiritsi olera ndi njira ya pamkono. Panado wamkulu asapitirire mibulu isanu ndi itatu ya 500 mg pa maola 24, ndipo mankhwala ambiri a chimfine a pa golosale ali ndi paracetamol yemweyo mkati, moti munthu amapyola malire osadziwa n'kuvulaza chiwindi.

Kodi kungomasulira m'Chichewa sikungathetse zonsezi? Kungathandize, ndipo n'zochititsa manyazi kuti paketi ya fetereza kapena uthenga wa kampani ya foni umatipeza m'chiyankhulo chathu pamene mankhwala satero. Koma kapepala kosokoneza kakamasuliridwa kamasokonezabe, kamangotalikirapo. Chofunika ndi kulemba mwatsopano, mwachidule, m'mawu amene odwala eni amagwiritsa ntchito, kenako n'kuyesa. Poyesapo pamatuluka zinthu zimene olemba sakanaziganizira. Agogo a BP ndi shuga ambiri maso anachita chidima, ndipo amene amawawerengera ndi mdzukulu wa Sitandade 5, ndiye kapepala kayenera kumveka kwa mwana ameneyo. Ku Ulaya anakhazikitsa kuti zilembo zisachepere saizi 9 ya pa kompyuta, ndipo ngakhale imeneyo ndi yaing'ono kwa wowerengera pa tochi ya foni magetsi atazima. "Supuni yaing'ono" ya sirapu wa mwana ndi 5 ml, koma masupuni a m'nyumba zathu sakula mofanana. Thanzi ORS amasungunulidwa m'lita imodzi ya madzi, ndiye funso n'lakuti m'nyumbamo chopimira lita n'chiyani. Kusunga pamalo osapitirira madigiri 30 n'kovuta m'nyumba ya malata mwezi wa Okutobala, ndipo chothandiza n'kumuuza munthu pamene angaike, osati nambala chabe. Ena omwa ma ARV amamatula chizindikiro pa botolo kapena kusamutsira mapiritsi m'chinthu china kuti anzawo a pa lendi asadziwe. Kwa iwowa pepala lalikulu lolembedwa dzina la matenda lidzathera m'mbaula tsiku lomwelo. Zimenezi angakuuzeni ndi iwo okha, ndipo angakuuzeni ngati wofunsayo ndi mnzawo, osati bwana.

Anthu oti afunse alipo. M'zipatala za ma ARV muli odwala anzathu ophunzitsidwa kulangiza anzawo, mabungwe ngati NAPHAM, la anthu amene ali ndi HIV, ali ndi magulu m'madera, zipatala zing'onozing'ono zili ndi makomiti a anthu a m'mudzi, ndipo alangizi a zaumoyo amalowa m'makomo n'kuona ndi maso pamene mankhwala asungidwa ndi mmene atsalira. A Chipatala Cha Pa Foni amamva mafunso a anthu tsiku lililonse, ndipo funso lobwerezedwabwerezedwa ndi umboni wakuti penapake malangizo sakumveka. Udindo wovomereza mankhwala ndi zolembedwa zake uli m'manja mwa Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 kulowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Kukakamiza fakitale ya ku India kusindikiza kapepala ka Chichewa chifukwa cha msika waung'ono ngati wathu kungakweze mtengo kapena kuthamangitsa ogulitsa ena, ndipo kapepalako sikadzafikabe kwa wodwala wa m'botolo la mibulu 1,000. Maganizo oika uthenga pa intaneti kuti munthu azijambula kachizindikiro ndi foni angathandize a ku Area 47, koma amafuna foni yamakono ndi bandulo. N'chifukwa chake ine ndikanayambira pa kajumbo, ndi pa timapepala tating'ono ta mankhwala ochepa amene amaperekedwa kwambiri kapena amene kulakwitsa kwake n'koopsa: LA, amoxicillin, Bactrim, a TB, ma ARV, a shuga ndi BP. Kuyesa kamodzi kumafuna anthu 20, chipinda, ndi wofunsa woleza mtima.

Pa anthu oyesawo pasasowe wapawindo. Amene amapereka mankhwala m'zipatala zathu, kaya ndi omaliza maphunziro a za mankhwala ku Malawi College of Health Sciences kapena wogwira ntchito wina amene wangogwirizira, amakhala ndi mphindi yosakwana pa wodwala aliyense. Kajumbo kofuna kuti alembe mizere isanu kadzatuluka kopanda kanthu ikamakwana 10 koloko. Kokhala ndi timabokosi tinayi tosindikizidwa kale, m'mawa, masana, madzulo, pogona, koti iye angolembamo nambala ya mibulu ndi masiku, angakadzaze ngakhale mzere utafika panja. Ndipo ngati patsala kamphindi, m'malo mwa "mwamva?" afunse kuti, "Mayi, tandionetsani, mukafika kunyumba madzulo ano mumwa angati?"